Mayi amamva mawondo: kodi tingawayendetse kuti ku Cotswolds?

Funso: "Achimwene, ine ndimakhala ku Oxford ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo ndi mayi anga akubwera kuchokera ku Dedza mwezi wa Juni, adzakhala nafe masabata asanu ndi limodzi. Sindikufuna kuti adzangobindikira m'nyumba n'kubwerera kwathu ataona mashopu okhaokha. Ndimaona zithunzi za midzi yakale ya ku Cotswolds, ndiye ndikufuna ndikawayendetse kumeneko wapansi. Koma mayi ali ndi zaka 68 ndipo amamva mawondo, bambo amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Chinanso, njira zimene ndimaona pa intaneti zimadutsa m'minda ya anthu. Kodi eni ake satiyesa akuba? Nanga ng'ombe, agalu ndi njoka? Galimoto tili nayo, koma masiku ena amuna anga amapita nayo kuntchito."

Yankho: Achemwali, mtima pansi. Maganizo anuwa ndi abwino ndipo n'zotheka ndithu. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikutsogolera magulu a anthu oyenda wapansi m'dera limeneli la ku England, kumadzulo kwa Oxford, ndipo ambiri mwa amene ndimayenda nawo ndi amsinkhu wa mayi anu, ena ndi achikulire kuposa pamenepo, ena anaikidwa chitsulo m'chiuno kuchipatala. Mapiri a ku Cotswolds asakuopseni. Malo okwera kwambiri m'dera lonselo ndi Cleeve Hill, pafupi ndi Cheltenham, ndipo ndi mamita 330 okha kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Boma la Dedza kumene makolo anu akuchokera lili pamwamba kuposa mamita 1,500. Bambo akadzaona zimene anthu kuno amazitcha mapiri adzati ndi zitunda chabe.

Komabe musanyengeke ndi mawu akuti "njira yosavuta" amene mumawawerenga pa intaneti. Amene amalemba zimenezo nthawi zambiri amangowerenga makilomita. Munthu womva mawondo chimene chimamupweteka si kutalika kwa ulendo ayi. Ndaonapo amayi akuyenda makilomita asanu ndi limodzi m'mbali mwa mtsinje akucheza bwinobwino, ndipo ndaonanso amayi a mphamvu zofanana akulephera theka la kilomita chifukwa njirayo inali yotsetsereka. Bondo la nyamakazi limadana ndi kutsika kuposa kukwera, chifukwa potsika thupi lonse limatsamira pabondo limodzi lopindika. Limadananso ndi makwerero a matabwa kapena a miyala odumphira mpanda, amene kuno amawatcha stile. Pamenepo munthu amayenera kukweza mwendo, kutembenuka ali m'mwamba, n'kutsikira mbali ina pathabwa lomwe mwina ndi lonyowa. Njira ya makilomita atatu yokhala ndi makwerero oterewa asanu ndi yovuta kwa mayi anu kuposa ya makilomita asanu ndi awiri yokhala ndi zipata. Ndiye posankha njira muzifunsa kuti ili ndi ma stile angati, imatsetsereka pati, ndipo munthu akatopa pakati angabwerere bwanji.

Mwayi wanu ndi wakuti mumakhala mbali yabwino. Dziko la Cotswolds linapendekeka. Kumadzulo, kuchokera ku Chipping Campden kudutsa Broadway ndi Cheltenham mpaka ku Bath, kuli phompho lalitali loyang'ana zigwa za mitsinje ya Severn ndi Avon. Njira yotchuka ya Cotswold Way, ya makilomita 164, imatsata phompho limeneli, ikukwera ndi kutsika tsiku lonse. Zithunzi zokongola zambiri zimajambulidwa kumeneko, koma si njira ya mayi anu. Kum'mawa, mbali ya Oxford, dziko limatsika pang'onopang'ono, ndipo timitsinje monga Windrush, Coln, Leach ndi Evenlode timayenda mofatsa kukathira mu Thames. Midzi yambiri yakale inamangidwa m'mbali mwa timitsinje timeneti. Mukatsata madzi, njira imakhala yathyathyathya yokha.

Tsopano za mantha anu a m'minda ya anthu. Ku England kuli njira zimene lamulo limalola aliyense kudutsamo ngakhale zili pakati pa munda wa munthu, ndipo mwini munda saloledwa kuzitseka kapena kubweza anthu. Zambiri ndi njira zakalekale zimene anthu ankadzera popita kutchalitchi, kuchigayo kapena kumsika. Muziyang'ana chikwangwani cholembedwa Public Footpath, ndiponso timivi tokhomedwa pazipata ndi pamitengo. Kamuvi kachikasu ndi njira ya oyenda pansi. Kabuluu ndi njira imene mungakumanemo ndi okwera akavalo ndi apanjinga, ndipo kwa inu ndi yabwino chifukwa imakhala ndi zipata m'malo mwa makwerero, poti kavalo sangadumphe stile. Kofiira ndi njira imene ngakhale galimoto zimaloledwa. Mukakhala panjira zimenezi simukupempha chifundo kwa munthu, ndi ufulu wanu monga wa wina aliyense, mlendo kapena nzika. Chimene simuloledwa ndi kuchoka panjirayo n'kumayendayenda m'mbewu, kuthyola za m'munda, kapena kukwera pamipanda ya miyala, imene anaimanga popanda simenti ndipo imagumuka msanga. Chipata muzichisiya mmene mwachipezera. Mukasochera n'kupezeka pamalo olakwika, si mlandu wa apolisi. Mwini malo angakuuzeni kuti mutuluke, inu n'kupepesa n'kufunsa kumene kuli njira. Gulani mapu a Ordnance Survey a nambala OL45, amene amaonetsa njira zimenezi ndi timizere tobiriwira, chifukwa m'zigwa zina foni imataya netiweki.

Ulendo woyamba umene ndingakusankhireni ndi wochokera ku Bourton-on-the-Water kupita ku Lower Slaughter. Ku Bourton mtsinje wa Windrush umadutsa pakati penipeni pa mudzi, ndi wosaya moti ana amasewera m'madzimo, ndipo pali timilatho tamiyala tatifupi towolokera. Vuto lake ndi khamu. Loweruka la mwezi wa Juni dzuwa likawala, pofika 11 koloko mumayenda mokankhana ndipo malo oimika galimoto amakhala atadzaza. Inu mumagwira ntchito ya mashifiti, choncho gwiritsani ntchito tsiku lanu lopuma la pakati pa sabata, mufike cha m'ma 9 koloko. Makolo alowe kaye kuchimbudzi ku Bourton komweko musananyamuke. Zimbudzi za onse zilipo, zolipira pang'ono, ndipo zimenezi musazipeputse, chifukwa mankhwala ena a BP amakodzetsa pafupipafupi ndipo munthu wamkulu sanganene msanga kwa mwana wake wamkazi kuti wapanikizika.

Mukatuluka m'mudzimo mumafika pamsewu waukulu wa A429. Msewu umenewu ukutsata njira imene Aroma anailambula zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, yotchedwa Fosse Way, n'chifukwa chake uli wowongoka chotero ndipo galimoto zimathamanga. Wolokerani pamaloboti basi. Kutsidyako kuli kanjira kolimba bwino kodutsa m'madambo, kopanda chitunda, ndipo kuchokera pakati pa Bourton mpaka ku Lower Slaughter ndi makilomita pafupifupi awiri ndi theka. Kwa liwiro la mayi muwerengere ola limodzi. Mudziwo ndi wabata kusiyana ndi Bourton. Kamtsinje ka Eye kamayenda pakati pa nyumba za miyala yachikasu, madzi ake oyera mpaka kuona timiyala tapansi, abakha akusambira pafupi ndi mapazi anu. Kumapeto kwa mudzi kuli chigayo chakale choyendera madzi, chokhala ndi gudumu lake ndi chumuni cha njerwa zofiira, chimene chinasiya kugaya mu 1958. Pali mabenchi, ndipo tchalitchi cha St Mary chili pomwepo. Kupita ndi kubwera ndi makilomita asanu, ndipo kwa tsiku loyamba n'zokwanira.

Kuchokera kuseri kwa chigayocho njira imapitirira kilomita imodzi ndi theka mpaka ku Upper Slaughter, kudutsa m'mabusa a nkhosa. Chigawo chimenechi ndi cha udzu, chimakwera pang'ono, ndipo mvula ikagwa pazipata pamakhala matope oterera. Zipata zake zina ndi zija zokhota zimene munthu amalowa mmodzimmodzi, kukankha chitseko, kuima pakona, n'kuchibweza. Mayi muwasonyeze kamodzi, kenako azidutsa okha. Upper Slaughter ndi umodzi mwa midzi yochepa kwambiri ku England imene amuna ake onse amene anapita kunkhondo ya 1914 mpaka 1918 anabwerako amoyo, ndipo zinateronso pankhondo yachiwiri. Bambo akadzazolowera kuona zipilala za maina a asilikali akufa m'mudzi uliwonse, adzamvetsa chifukwa chake nkhaniyi imanenedwa. Koma kumeneko kulibe sitolo, ndiye musadalire kukagula madzi.

Ulendo umenewu ungatheke ngakhale galimoto itapita ndi bambo akunyumba. Sitima yochokera ku Oxford imafika ku Moreton-in-Marsh pasanathe mphindi 40, ndipo kumeneko mumakwera basi ya nambala 801 yodzera ku Stow-on-the-Wold mpaka ku Bourton. Onani ndandanda ya mabasi tsiku lomwelo musananyamuke, makamaka nthawi ya basi yomaliza, ndipo dziwani kuti Lamlungu mabasi a kumidzi amachepa kwambiri.

Tsiku limene muli ndi galimoto, pitani ku Minster Lovell, kupitirira pang'ono Witney pamsewu wa A40. Ine malo amenewa ndimawakonda kuposa midzi yotchuka ija. Kuseri kwa tchalitchi cha St Kenelm kuli mabwinja a nyumba yaikulu imene William Lovell anamanga cha m'ma 1430, makoma ake aatali adakali chiimire m'mphepete mwa Windrush. Amasamalira ndi a bungwe losunga malo akale la English Heritage ndipo polowa salipiritsa. Kuyenda kwake n'kochepa, udzu ndi wotchetcha, ndipo mukhoza kuyala nsalu pansi n'kudya kamba wanu. Mukapitirira chakumadzulo kulowera ku Burford mufika ku Swinbrook. Kuchokera patchalitchi cha mudziwo, kanjira kosakwana kilomita imodzi kamakufikitsani ku Widford, kumene katchalitchi ka St Oswald kanatsala kokha pakati pa busa, mudzi wake unatha kalekale. Anakamanga pamalo pamene panali nyumba ya Aroma, ndipo m'kati mwake mudakali zithunzi zojambulidwa pakhoma zaka zoposa 600 zapitazo. Matchalitchi ambiri a m'midziyi amakhala otsegula masana, ndipo kwa oyenda ndi achikulire ndi malo abwino opumulira: muli mipando, muli mthunzi, mvula ikayamba mumabisalamo. Ku Burford kwenikweniko msewu waukulu ndi wotsetsereka kwambiri, choncho imikani galimoto kumunsi pafupi ndi tchalitchi ndi mtsinje, osati kumtunda.

Ku Bibury anthu amathamangirako chifukwa cha Arlington Row, mzere wa tinyumba umene unamangidwa cha m'ma 1380 ngati nkhokwe ya ubweya wa nkhosa, kenako n'kusandutsidwa nyumba za owomba nsalu m'zaka za m'ma 1600. Ndi pokongola, koma mudziwo ndi waung'ono ndipo mabasi a alendo amauchulukira. Mukafuna chithunzi pitani m'mamawa, mphindi 40 zikukwanirani. M'nyumbazo mumakhala anthu, ndiye osasuzumira m'mawindo.

Bambo adzakufunsani kuti anthu olemera chonchi akusungiranji nyumba zakale chotere, ndiponso kuti kamudzi kakang'ono kanapeza kuti ndalama zomangira tchalitchi chachikulu ngati cha mumzinda. Yankho lake ndi nkhosa. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 ubweya wa kuno unkagulitsidwa kwa owomba nsalu a ku Flanders (dera la ku Belgium wa masiku ano) ndi ku Italy pamtengo wokwera, ndipo amalonda amene analemera nawo anathira chuma chawo m'matchalitchi a ku Northleach, Cirencester, Fairford ndi Chipping Campden. Pambuyo pake mafakitale a nsalu atakula kumpoto kwa England, midzi yambiri ya kuno inasauka, ndipo anthu analibe ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zamakono. Umphawi umenewo ndi umene unazisunga. Kuyambira 1966 derali ndi lotetezedwa ndi lamulo, moti kumanga mwachisawawa sikuloledwa. Kuti nkhaniyi aione ndi maso, apititseni ku Chipping Campden. Msewu wake waukulu ndi wosavuta kuyenda, pali msika wa denga la miyala umene Sir Baptist Hicks anamanga mu 1627, ndi tchalitchi cha St James chokhala ndi manda a William Grevel, wamalonda a ubweya amene anamwalira mu 1401.

Sindikunena kuti makolo anu asaone dziko ali pamwamba. Kungoti pamwambapo akafike pagalimoto. Ku Dover's Hill, pamwamba pa Chipping Campden, kuli malo oimika galimoto pafupi ndi nsonga, ndipo mukangoyenda pang'ono paudzu mumaona chigwa chonse cha Evesham. Ku Broadway Tower, nsanja ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1790 imene ili pamtunda wa mamita 312, n'chimodzimodzi. Anthu adzakulimbikitsani kuti mukwere wapansi kuchokera m'mudzi wa Broadway. Musavomere. Ndi chitunda cha mamita oposa 200, ndipo pobwerera ndi pamene mayi angavulale.

Pa zinyama zimene mwatchula, yoyenera kuisamala ndi ng'ombe. Mwezi wa Juni zambiri zimakhala ndi ana, ndipo ng'ombe yoyamwitsa sifuna munthu adutse pakati pa iyo ndi mwana wake. Bambo mwina anawetapo ng'ombe kwathu, koma za kuno ndi zikuluzikulu ndipo sizinazolowere kukusidwa ndi munthu wachilendo, choncho asaziopseze ndi ndodo. Muzizilambalala patali, mwakachetechete, osathamanga, n'kubwereranso panjira mukazidutsa. Zikaunjikana pachipata penipeni, bwererani. Palibe chithunzi choyenera kuvulalira. Ngozi zambiri zimagwera anthu amene ali ndi galu, ndiye musatengeko galu wa mnzanu. Agalu amene mudzakumane nawo ndi oweta, akuyenda ndi eni ake, ndipo ena amathamangira munthu mwachimwemwe. Ngati mayi amaopa, imani n'kupempha mwini wake amugwire, ambiri amamva. Njoka yaululu ku Britain ilipo ya mtundu umodzi wokha, adder, ndi yamantha ndipo m'njira za m'midzizi simuiona kawirikawiri.

Zimene zidzakuvutitseni zenizeni ndi zing'onozing'ono. M'mbali mwa njira mumamera chitsamba cha masamba a mano chotchedwa nettle, chimene chimayabwa ngati chitedze, ngakhale kuti chimaleka pakapita maola ochepa. M'maudzu ataliatali mulinso nkhupakupa, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. Pachifukwa chimenechi mayi avale buluku kapena masokosi aatali m'kati mwa chitenje, ndipo madzulo aliyense adziyang'ane m'miyendo, kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno. Mukaipeza, ichotseni ndi kachitsulo kochotsera nkhupakupa kamene amagulitsa kufamase, kugwira pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono, osaiwotcha kapena kuipaka mafuta. Pakatuluka chibanga chozungulira chomakulirakulira, kapena munthu akayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'masabata otsatira, pitani kwa dokotala. Pakhungu lakuda chibangacho sichifiira moonekera, chimangooneka ngati pabala pothimbirira, ndiye muuzeni dokotalayo kuti munalumidwa ndi nkhupakupa. Ngati makolo atabwerera kale kwathu, akanene zomwezo kuchipatala, chifukwa kumeneko angayambe kuganizira malungo okha.

Nsapato zikhale zotseka, zokhala ndi mapazi ogwira pansi, ndipo aziyambe kuvala m'nyumba masiku angapo zisanapite kuulendo. Kwa bambo zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa munthu wa shuga akhoza kutuluka thuza osamva, ndipo bala la kuphazi limachedwa kupola. Muwayang'ane mapazi mukabwerako. M'chikwama mukhale madzi, chakudya chenicheni, maswiti kapena juwisi wa shuga ikatsika, ndi jekete ya mvula ya aliyense ngakhale kunja kutacha bwino. Mayi muwagulire ndodo zoyendera ziwiri zija zotalikitsa ndi kufupikitsa. Mwina adzakana poopa kuoneka okalamba, koma akadzaona achinyamata akuyenda nazo adzazilandira. Dzuwa la Juni limalowa itadutsa 9 koloko usiku, choncho palibe chothamangira, koma kuwalako kumapusitsa: nthawi ya chakudya ndi ya mankhwala muziyendera wotchi. Ndipo muwafotokozeretu kuti pub ya kumudzi kuno si bala ngati ya kwathu. Mabanja amadyeramo nkhomaliro ndi ana awo, mukhoza kuitanitsa tiyi, ndipo nthawi zambiri ndi mokhamo mmene muli chimbudzi.

Za umoyo inu mukudziwa zambiri chifukwa cha ntchito yanu, ndipo ine si dokotala, koma pali zinthu zimene sindilola kuti gulu langa lizinyalanyaze. Asananyamuke ku Malawi, makolo akaonane ndi dokotala wawo, atenge mankhwala okwanira ulendo wonse m'mapaketi ake enieni pamodzi ndi kalata. Akafika, sabata yoyamba ikhale yoyenda pang'ono m'mapaki a ku Oxford komweko. Ulendo wa pandege wochokera ku Lilongwe ndi wautali, ndipo kukhala nthawi yaitali chotero kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka m'katumba, musaganize kuti ndi kutopa ndipo musautikite. Imbani 111, nambala yofunsira malangizo achipatala mwachangu, tsiku lomwelo. Kupweteka pachifuwa, kubanika mwadzidzidzi, kukomoka, pakamwa kupotoka kapena kulankhula mosamveka, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, pomwepo ngakhale muli pakati pa munda. Ikani pafoni pulogalamu ya what3words kapena ya Ordnance Survey kuti muthe kuuza a ambulansi pamene muli. Pokwera kachitunda muziyankhula nawo bambo: ngati sakutha kumaliza chiganizo chifukwa cha wefuwefu, liwiro lachuluka, imani.

Musaiwale inshuwalansi ya paulendo, ndipo matenda a BP, shuga ndi mawondo alembedwe poyera polembetsa. Kuonana ndi GP (dokotala wa m'dera lanu) ndi kulandira chithandizo ku A&E (mbali ya chipatala yolandirira odwala mwadzidzidzi) n'kwaulere kwa aliyense ku England, ndipo mukhoza kuwalembetsa kwa GP wanu ngati odwala ongodutsa. Koma mlendo akagonekedwa m'chipatala amalipira 150 peresenti ya mtengo wa zipatala za boma (NHS), ndipo kuthyoka mwendo kokha kukhoza kusiya banja m'ngongole yaikulu.

Pali mbali ina ya funso lanu imene simunaitchule poyera koma ndikuimva: kuti mudzakhala akuda nokha kumeneko. M'midzi yaing'ono n'zoona, nthawi zina mudzatero, ndipo ena adzakuyang'anani. Zimene ndaona ine n'zakuti panjira za m'minda anthu amapatsana moni kuposa m'tauni, ndipo makolo anu, amene sadutsa munthu osalonjera, adzamasuka msanga. Ngati mukufuna kuyamba muli pagulu, a Cotswold Voluntary Wardens amatsogolera maulendo chaka chonse ndipo amalemba kuvuta kwa ulendo uliwonse, a Ramblers ali ndi maulendo aafupi aulere otchedwa Wellbeing Walks, ndipo inuyo panokha mukhoza kufufuza gulu la amayi akuda oyenda maulendo apansi la Black Girls Hike limene linayamba mu 2019. Pa tsamba la pa intaneti la Cotswolds National Landscape, bungwe losamalira derali, fufuzani njira zolembedwa kuti zilibe ma stile.

Makolo asanafike, pitani nokha kaye mukayende njira ya ku Lower Slaughter ija. Mukaone pamene pali mabenchi, muwerenge zipata, mudziwe pamene basi imaima, ndipo musunge pafoni nambala ya takisi ya m'deralo, chifukwa kumidzi takisi siipezeka pongoimika dzanja. Mukadzayenda nawo, bondo la mayi muliyang'ane m'mawa wa tsiku lotsatira, osati madzulo omwewo. Ngati langouma pang'ono n'kumasuka akayamba kuyendayenda, ulendo wotsatira onjezerani Upper Slaughter. Likatupa, likatentha, kapena akalephera kuliponda, apume ndipo GP alione musanakonze ulendo wina.